Kabokosi Kosadontha

Kumapeto kwa msewu wa kumsika, pamene phula limathera n'kuyamba fumbi, panali kashedi ka malata kotsamira khoma la golosale. M'menemo munkagwira ntchito bambo wina wokhoma zidebe. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ana ndi akulu omwe ankangoti aZidebe, iwo n'kumavomera.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zokhakhala ngati khungwa. Zida zawo zinali zowerengeka: nyundo ziwiri, lumo lalikulu lodulira malata, kachitsulo kosungunulira mtovu, ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo, chimene anawasiyira amalume awo amene anawaphunzitsa ntchitoyi. Chidutswacho chinali chitasalala pamwamba mpaka kumang'anima. Zaka makumi anayi akukhoma pamenepo ndowa, zidebe, makheni othirira mbewu ndi zivundikiro za mapoto. Amene anavutika nazo ndi makutu. Phokoso la nyundo linawagonthetsa pang'onopang'ono, moti pocheza nawo unkayenera kukhala chakumanzere kwawo n'kukweza mawu.

Chinthu chimodzi ankachinyadira: chawo sichidontha. Akamaliza ndowa ankaidzaza madzi, n'kuikhazika pa nyuzipepala youma, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera, pepalalo likapezeka ndi kadontho ngakhale kochepa ngati diso la nkhuku, ankaphwasula msoko wonse n'kuyambiranso. Wogula akadandaula kuti akuchedwa, ankangomufunsa kuti, "Mwadzera ndowa kapena sefa?"

Kunyumba, kuseri kwa msika, kunali zipinda ziwiri ndi kakhonde kokwana mipando iwiri. Kumeneko ankakhala ndi akazi awo. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, wobadwa iwo atataya kale mtima. Anabadwa wowonda, kamutu kokha kakakulu, ndipo bambo ake atangomuona anati, "Kamsomali aka!" Dzinalo linakanirira. Kuyambira tsiku limenelo mwamuna ndi mkazi wake ankaitanana kuti bambo a Kamsomali ndi mayi a Kamsomali.

Kamsomali anakula, nakwatiwa kutali, ulendo wa basi wa tsiku lathunthu. Ankagwira ntchito pa fakitale yosoka zovala, ndipo pa nthawi imene tikunenayi anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri, mimba yoyamba. Pochoka anawasiyira amayi ake kafoni kakang'ono ka mabatani. Amayiwo ankadziwa batani limodzi lokha, lobiriwira lija, ndipo linkawakwanira. Madzulo aliwonse mwana akaweruka kuntchito, kafoni kankalira, iwo n'kukhala pakhonde, kafoni kukhutu lamanja. Poyamba zinali moni ndi "mwaswera bwanji." Mimba itakula, macheza anakulanso mpaka ola lathunthu: miyendo yatupa, khanda likupondaponda, fungo la sopo likundinyansa, kodi inu munkateronso? AZidebe ankakhala pa mpando winawo akusenda dzimbiri m'zikhadabo. Mawu sankawamva bwino, koma ankaona akazi awo akuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, ndipo zimenezo zinkawakhutitsa.

Mutu unayamba kuwapweteka mayiwo m'miyezi yomweyo. Mayi a Kamsomali ankadzuka atamanga kansalu pamphumi, zolimba. Nthawi zina ankaima pakati pa kusesa, n'kugwira khoma, n'kutsinzina.

"Mutu womwe uja?"

"Ndi dzuwa ili. Usiya."

"Tipite kuchipatala."

"Kuchipatala kukatani? Kukawauza kuti kunja kukutentha?"

AZidebe sankaumiriza. Kunena zoona, nawonso chipatala ankachiopa, poti anzawo angapo amene analowa kumeneko ndi miyendo yawo sanatuluke nayo. Koma ankapenyetsetsa. Anaona kuti akazi awo amakonda kudinikiza zala kuseri kwa khutu lamanja. Ndiye tsiku lina, macheza a madzulo atatha, mayiwo anawapatsira kafoni kuti akaike pa shelefu. Kanali kofunda ngati dzira loti nkhuku yangochokapo. Anayang'ana khutu la akazi awo: psuu, lofiira. Anakaika pa shelefu akukayang'ana mokayikira.

Patapita masiku awiri, ali kushedi akupinda mkombero wa ndowa, wayilesi yawo yopachika pa msomali inkayankhula za umoyo. Pakati pa khoo ndi khoo wa nyundo, mawu angapo anawapeza: foni, mafunde, ubongo, akatswiri. Anaponya nyundo pansi n'kukweza wayilesi, koma anapeza wolengeza akutsanzika, nyimbo n'kuyamba.

Kutsidya kwa msewu kunali kanyumba kometera, kumene anthu ankatchajitsanso mafoni. Mwini wake anali bambo wa ana atatu, wocheza ndi aliyense, amene onse ankangomuti Wometa. AZidebe anawoloka.

"Iwe Wometa, mafunde a foni n'chiyani?"

"Aa, madala, mwayamba sukulu ya kwacha?" anaseka Wometa, makina ali pamutu pa munthu. "Ndi mafunde basi. Saoneka. Amatuluka m'fonimo, amalowa, tsiku lonse, ngakhale simukuyimba."

"Mafunde ngati a madzi?"

"Eya, ngati a madziwo."

"Nanga m'mutu amalowa?"

"Ena amatero. Ine sindingadziwe, madala. Mitu ndimangoiona kunja."

Wometedwa uja anaseka mpaka makina anamudya pang'ono kuseri kwa khutu. AZidebe sanaseke. Anabwerera kushedi akusinkhasinkha.

Kafoni kaja akazi awo ankakasunga pachifuwa usana wonse, pogona n'kukaika pansi pa pilo, kuopa kuti mwana angayimbe iwo osamva. Ndiye kuti mafunde aja ankawakhavukira m'mutu osapuma. Kuwaletsa ola lija la madzulo sakanatha. Kunali ngati kulanda munthu mpweya. Koma maola ena onsewo? Za ubongo aZidebe sankazidziwa. Za madzi ankazidziwa bwino. Madzi ukawapatsa lata labwino ndi msoko wolimba, amakhala pamene wawaika.

Tsiku limenelo ndowa za anthu zinadikira. Anasankha lata latsopano loti apangire kabokosi ka foni, lopanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Analiyeza ndi kachingwe, nalidula, nalipinda pa njanji ija mofatsa ngati akupinda kalata. Misoko anaipinda kawiri, n'kuthiramo mtovu mpaka m'makona. Chivundikiro anachipanga cha mlomo wautali, chotsikira m'mbali, chothina moti potseka chinkatulutsa kampweya kuti fyuu. M'kati anayalamo kansalu ka shati yawo yakale kuti foni isakalike. Pamwamba, poti manja anali atayamba kale kusangalala, anadinda kaduwa ndi nsonga ya msomali. Kenako anachotsamo kaye kansaluko, nadzaza kabokosiko madzi, nakatseka, nakakhazika chozondoka pa nyuzipepala, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwera pepala linali gwaa, louma.

"Ndakupangirani nyumba ya foni," anatero madzulo ake, macheza ndi mwana atatha. "Fumbi likuiwononga."

Mayi a Kamsomali anakatembenuza kabokosiko uku ndi uku, nasisita kaduwa kaja ndi chala.

"Zaka zonsezi ine simunandipangirepo ngakhale kosungira ndolo. Koma foni!"

"Ndolo zake ziti?"

"Zimene simunandigulire zija."

"Muziisunga m'menemo. Ikalira, muzitulutsa."

"Nanga ndiziimva ili m'katimo?"

"Lata limakweza mawu. Funsani makutu angawa."

Mayi anaseka, nakaika kabokosiko pa shelefu, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wa mwana wawo. Za mafunde aZidebe sanatchule. Anaona kuti akanena, mawuwo asanduka enieni.

Mawa lake madzulo mayi anakhala pakhonde, kabokosi pamwendo. Dzuwa linapendeka, mithunzi inatalika, ogulitsa kumsika anayamba kudutsa ndi madengu awo pamutu. Kabokosi zii.

"Mwina wachedwa kuweruka," anatero aZidebe.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Mayi ankatsegula chivundikiro, kusuzumira, kuona kafoni kali phee, n'kutsekanso msanga monga anawauzira amuna awo. Kenako anayamba kudzifufuza okha.

"Ndinamukalipira tsiku lija. Ndinati asiye kuimirira tsiku lonse pa makina, mwamuna wakeyo aziona. Mwina ndinapitirira."

"Timupemphe Wometa atiyimbire."

"Ayi. Ngati wakwiya, akwiye. Ine ndine mayi ake, sindingayambe kumunyengerera pa khamu la anthu ometa."

Anatero pakamwa, koma chakudya anangochitokosa. Tsiku lachitatu sanasese n'komwe. Anagona pa mphasa m'chipinda, zenera lotseka, kansalu kaja atakanyowetsa. AZidebe anapita kushedi, nakhoma kawiri katatu, n'kubwerera. Zinawasokoneza. Mafunde anali atawatsekera, nanga mutu ukukuliranji? Anaganiza kuti mwina ndi aja analowa kale, ndipo iwo achedwa. Anaganizanso za mwana wawo ndi mimba yake kutali kuja, mtima n'kugawika pawiri. Anakhala pakhomo pa chipinda, chipewa m'manja, akumvetsera ndi khutu lawo lamanzere ngati akazi awo akupuma.

"Bambo a Kamsomali," anatero mayi, osatsegula maso. "Ngati chamuchitikira china, mkamwini wathu akanatiuza, eti?"

"Akanatiuza."

"Nanga bwanji zii?"

Madzulo amenewo potsegula kabokosi anapeza kafoni kazima, moto watha.

M'mawa wa tsiku lachinayi aZidebe anali oyamba kufika kwa Wometa, kabokosi m'khwapa. Wometa analumikiza kafoni ku magetsi, nakayatsa. Sipanapite nthawi, kanayamba kulira tii-tii, tii-tii, osalekeza, ngati anapiye otayana ndi make.

"Madala, mumabisala kuti? Anthu akhala akukufunani! Kuyimba kokha kukupitirira makumi atatu." Anadina, nayamba kuwerenga mauthenga mokweza. "'Amayi, foni yanu sikupezeka.' Wina uwu: 'Amayi chonde, kwagwanji?' Wina: 'Ababa ali bwino?' Womaliza ndi wa lero: 'Ndakwera basi ya m'mawa. Ndikubwera.'"

AZidebe anagwira chitseko.

"Basi? Ndi mimba imeneyo?"

"Foniyi inali kuti masiku onsewa?"

Anamupatsa kabokosi. Wometa anakayang'ana, nayesa kuthina kwa chivundikiro, n'kuimba kamluzu. Anatenga foni yake, naiika m'katimo, natseka, n'kubwereka ya munthu amene ankadikira kumetedwa. Anayimba, nakweza mawu kuti onse amve. Mawu a mayi wa m'foni uja ananena kuti nambala imene mwayimbayi sikupezeka.

"Madala, iyi si nyumba ya foni. Awa ndi manda."

"Ndiye kuti sikadontha," anatero aZidebe, ndipo kwa kamphindi kochepa nkhope yawo inawala, poti mmisiri ndi mmisiri. Kenako kuwalako kunazima.

"Sikadontha ndithu. Koma mawu a mwana wanu amabwera pa mafunde omwewo. Mwawatsekera kunja."

AZidebe anakhala pansi pa benchi. Anayang'ana zala zawo. Wometa anaona kuti apa si poseka, nayimba nambala ya Kamsomali, n'kuwaikira kafoni kukhutu lamanzere.

"Amayi! Amayi!"

"Ndine bambo ako!" anakuwa aZidebe, monga amakuwira anthu osamva bwino.

"Ababa! Amayi ali kuti? Chachitika n'chiyani?"

"Ali moyo! Tonse tili moyo! Ndi kabokosi!"

"Kabokosi ka chiyani? Ababa, bokosi la ndani?"

Wometa analanda foni msanga, nafotokoza bwinobwino kuti bokosi lake ndi la foni, palibe maliro. Kutsidya kuja kunamveka kulira kosakanikirana ndi kuseka, ndi phokoso la injini. Basi inali itapita kale kutali. Kamsomali anati sabwerera, afika basi.

Kunyumba aZidebe anagwada pafupi ndi mphasa, chinthu chimene maondo awo anali atasiya kalekale.

"Mwana ali bwino. Sanakwiye. Wakhala akuyimba tsiku lililonse. Ndi kabokosi kanga kaja kamatsekereza."

Mayi anadzuka pang'onopang'ono, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Masiku atatu, bambo a Kamsomali."

"Ndikudziwa."

"Masiku atatu ndikumuika mwana wanga m'manda ndi kumufukula."

"Akubwera. Afika madzulo ano."

Mayi anaimirira atagwira khoma, natenga tsache.

Basi inafika dzuwa lisanalowe. Kamsomali anatsika chobwerera m'mbuyo, atagwira chitseko ndi manja awiri, mapazi atatupa mpaka zingwe za nsapato kulowa m'mnofu. AZidebe atawaona mapaziwo anayang'ana kumbali, nanyamula chikwama. Mwanayo anakumbatira amayi ake, kenako anawakankhira kumbuyo pang'ono kuti awaone bwino.

"Kansalu aka n'kachiyani? Diso ili lafiira chonchi liti?"

"Ndi dzuwa."

"Ababa, zayamba liti?"

"Miyezi itatu."

"Miyezi itatu! Tsiku lililonse ine ndikukuuzani za miyendo yanga, inu osanena za mutu wanu? Mawa m'mawa kuchipatala. Ndipo musandiuze za dzuwa, ndakhala nalo pawindo tsiku lonse."

Ankayankhula ngati amayi ake enieni, ndipo palibe anamutsutsa.

Kuchipatala anakhala pa benchi mpaka dzuwa kukwera. Namwino anamanga lamba pa mkono wa mayi, napopa, nayang'ana. Anamasula, namanga mkono winawo, napopanso. Kenako anawadutsitsa pamzere n'kuwalowetsa kwa dokotala. AZidebe anatsatira, naima pakhomo chipewa chili pachifuwa.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wa magalasi. Anayeza, anafunsa, analemba.

"Amayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mutuwu ukuchokera pamenepo. Mwachita bwino kubwera lero, chifukwa mukanapitirira nawo chonchi, tsiku lina mukanangogwa. Koma mankhwala alipo. Muzimwa tsiku lililonse, muchepetse mchere, mubwerenso sabata yamawa tidzayezenso."

AZidebe anamva theka. Kamsomali anawabwerezera kukhutu. Iwo anakhosomola, nasendera kutsogolo.

"Adokotala, pepani, ndifunse nawo. Si mafunde?"

"Mafunde ati, bambo?"

"A foni. Amaigwira kukhutu ili, lamanjali, ola lathunthu. Imatentha. Ndinamva pa wayilesi kuti amalowa mu ubongo."

Dokotala sanaseke. Anavula magalasi, nazungulira tebulo, naima kumene Kamsomali anamulozera, kumanzere.

"Mafundewo alipo, bambo, simunamve zabodza. Koma ndi ofooka. Akatswiri akhala akuwafufuza zaka zambiri, ndipo mpaka pano sanapeze umboni wogwirika woti amadwalitsa mutu. Akufufuzabe. Kufundako, kwambiri ndi batire ndi dzanja la munthu. Ngati mtima sukukhazikika, pali batani lokweza mawu, aziyankhula foni ili patebulo, kutali ndi khutu. Koma chimene chikuwapweteka amayiwa si foni. Ndi magazi, ndipo tawapeza."

"Ndiye achira?"

"Akamamwa mankhwala, mukhala nawo."

AZidebe anagwedeza mutu kangapo. Kenako anawerama pothokoza. Dokotala anamuyezanso Kamsomali chifukwa cha mapazi aja, napeza kuti zonse zili bwino, nangomulamula kuti apume masiku awiri asanakwerenso basi.

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, poti aliyense mwa atatuwo anali ndi chomuchedwetsa. Kamsomali anatsogola, dzanja lili m'chiuno. Akuluakulu awiriwo anatsalira m'mbuyo. Atafika pa mthunzi wa mtengo wa m'mbali mwa msewu, mayi anaima ngati akukonza nsapato. Kenako anazungulira, nabwera kumanzere kwa amuna awo.

"Ndiye fumbi lija linali limeneli?"

AZidebe anayang'ana kapepala ka mankhwala kamene kanali m'manja mwawo.

"Linali limeneli."

"Mwakhala nazo nokha masiku onsewa. Kukhoma, kuwotcherera, osanena."

"Ndimati ndikanena, mudzaleka kuyankhula ndi mwana. Kapena mudzayamba kuopa."

"Ine ndimaopa kale. Mumayesa kansalu kaja ndimamangira kukongola?"

Njinga inadutsa, belu likulira.

"Mukanangondiuza kuti mukuopa, bambo a Kamsomali."

"Ndikuopa," anatero aZidebe. Ankayesa kuti anena motsitsa, koma mawuwo anatuluka mokweza, moti mayi wina wogulitsa nthochi patsidya anatembenuka. "Ndikuopa kuti mungatsogole. Sindidziwa kumene mumasunga chilichonse."

Mayi a Kamsomali anaseka, misozi ili m'maso.

"Ndiye muzindikumbutsa mankhwalawo. Kamodzi m'mawa. Mwamva?"

"Ndamva."

"Mwamvadi, kapena mwangogwedeza mutu?"

"Kamodzi m'mawa."

Kutsogolo kuja Kamsomali anali ataima, akuwayang'ana.

"Inu awiri, mukubwera kapena ndiberekere pamsewu pompano?"

Mayi anagwira mkono wa amuna awo pamwamba pa chigongono, pamsewu, anthu akuona, ndipo ananyamuka.